Kochi wathu watsopano wapeza mapointi 5 m'magemu asanu, kodi timupirikitse?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene ali m'komiti ya masapota a timu ina ya mu Super League. Alemba motere:

"Akuluakulu a timu yathu analemba kochi watsopano kutatsala masabata awiri kuti sizoni iyambe, ndipo tsiku lomuonetsa kwa atolankhani anatilonjeza kuti chaka chino chikho chilowa m'nyumba. Pano tasewera magemu asanu a ligi. Tapambana kamodzi, tafanana mphamvu kawiri, tagonja kawiri. Kaputeni wathu amene takhala tikumudalira zaka zambiri akungokhala pa benchi, ndipo anyamata akuuzidwa kuti azipatsirana mpira kuyambira kwa goloboyi, zomwe zatimwetsa kale zigoli ziwiri. Anzanga akuti Lachiwiri tipite kumene timu imachitira zokonzekera tikamupirikitse. Ine mtima uli pawiri. Kodi kochi watsopano tiyenera kuyembekezera chiyani kwa iye, ndipo tidikire mpaka liti?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa Lachiwirilo lisanafike. Kupsa mtima kwanu n'komveka. Munthu amene walipira pageti, wakhala padzuwa kuyambira masana, n'kubwerera kunyumba atagwira njakata, ali ndi ufulu wofunsa kumene timu ikulowera. Sindikunyengererani kuti mapointi 5 pa mapointi 15 ndi abwino. Timu ikayenda choncho magemu onse 30 ithera pa mapointi 30, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala matimu othawa chikwanje. Yolimbirana ligi imafunika mapointi awiri pa gemu iliyonse kapena kupitirira apo. Koma magemu asanu sangakuuzeni ngati mwalemba kochi wabwino kapena woipa, ndipo kopirikitsa munthuko musapiteko. Pali njira yodziwira zoona zake, ndipo imafuna maso anu pa bwalo kuposa mawu anu pa mpanda.

Tiyambe ndi lonjezo lija. Amene analonjeza chikho ndi akuluakulu a timu, ndipo tsiku loonetsa kochi kwa atolankhani aliyense amalankhula zokoma chifukwa akufuna othandiza timu ndi ndalama amve, masapota agule jezi, ndiponso aoneke kuti asankha bwino. Chimene chili ndi ntchito ndi chomwe chinalembedwa mu kontrakiti. Kontrakiti yolongosoka imanena kutalika kwake, malo amene timu ikuyenera kuthera pa ligi, ndime yomwe ikuyenera kufika m'zikho, ndiponso nthawi yokhala pansi kuunika ntchito. Zimachitika kawirikawiri kuti pa pepala analemba "athere m'matimu asanu apamwamba" koma pa maikolofoni anati "tikutenga ligi". Masapota amatsatira za pa maikolofoni, kochi amatsatira za pa pepala, ndiye mkangano umayamba gemu yoyamba isanaseweredwe n'komwe. Komiti yanu ili ndi ufulu wofunsa kuti munthuyu anapatsidwa ntchito yanji. Malipiro ake si nkhani yanu, koma cholinga chimene anapatsidwa ndi nkhani ya sapota aliyense.

Ntchito ya ukochi imasiyana malinga ndi mmene munthu wapezera timu, ndipo apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Tikamakamba za kochi amene anabwera n'kupambana pompopompo, dzina limene limatuluka msanga ndi la Kalisto Pasuwa. N'zoona kuti anatenga ligi kasanu motsatizana ndi Bullets, kuyambira 2018 mpaka 2023, atachita kale zofanana nazo ku Dynamos ya ku Zimbabwe komwe anaitenga kanayi kuyambira 2011 mpaka 2014. Koma kumbukirani kuti anafika chakumapeto kwa sizoni ya 2018 timu ili kale pamwamba pa ligi. Anapeza timu imene inali itayamba kuyendetsedwa ngati kampani, yokhala ndi timu yachisodzera yomwe inamupatsa anyamata monga Hassan Kajoke, Chimwemwe Idana ndi Charles Petro. Luso lake linaonekera pa kusagwetsa chomwe anachipeza, kenako n'kumalowetsa achinyamata timu osatsika. Imeneyo ndi ntchito yaikulu, koma ndi yosiyana ndi ya munthu amene wapatsidwa timu yomwe osewera ake asanu odalirika agulidwa ndi matimu ena mwezi watha.

Kinnah Phiri nayenso anasintha Flames mofulumira. Anaitenga mu 2008, chaka chomwecho tinagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium, ndipo mu 2010 tinali ku Angola tikuthibula Algeria 3-0, patapita zaka 26 chipitireni ku mpikisano wa Africa mu 1984. Amene amati "mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa" amaloza nthawi ngati imeneyo. Komabe onani anthu amene anali nawo: Peter Mponda kumbuyo, Joseph Kamwendo ndi Robert Ng'ambi pakati, Esau Kanyenda ndi Russell Mwafulirwa kutsogolo, Swadick Sanudi pagolo. Anali amuna okhwima kale, ambiri akusewera kunja. Chimene chinkasowa chinali munthu wowagwirizanitsa ndi kuwapatsa chikhulupiriro. Timu yotero imasintha m'miyezi yochepa. Timu imene ikufunika kumangidwa mwatsopano siingatero. Jürgen Klopp anafika ku Liverpool mu Okutobala 2015, sizoni imeneyo anathera pa nambala 8, chikho chake choyamba chinabwera mu 2019 ndipo ligi mu 2020. Dzifunseni moona mtima kuti timu yanu ili m'gulu liti, poyang'ana kumene inathera sizoni yatha, osewera amene achoka ndi amene abwera. Ngati munathera pa nambala 7 ndipo simunagule aliyense woposa amene analipo, chikho chija chinali maloto a akuluakulu, ndipo kochi akulangidwa chifukwa cha mawu a eni ake.

Tsopano magemu asanu aja. Musanawerenge mapointi, lembani matimu amene mwakumana nawo ndi mabwalo ake. Kufanana mphamvu ku Karonga, mutayenda makilomita opitirira 800 ngati timu ya ku Blantyre, kapena tsiku lathunthu pa basi kuchokera ku Lilongwe, n'kukasewera padzuwa lotentha masana, ndi pointi yolemera. Kufanana mphamvu pakhomo ndi timu imene yangolowa kumene mu ligi ndi mapointi awiri otayika. Njira yachilungamo ndi kuyerekeza ndi zomwe munapeza sizoni yatha kwa matimu omwewo pa mabwalo omwewo. Mukhoza kudabwa kupeza kuti kochi wakale, pa magemu asanu omwewo, anapezanso mapointi 5 kapena 6. Ndiponso mpira ndi masewero a zigoli zochepa, moti mwayi uli ndi mbali yaikulu m'magemu owerengeka. Penate imodzi yophonya, mpira umodzi womenya mtengo, chiweruzo chimodzi cha oyimbira, zimasuntha mapointi atatu kapena anayi. Pa magemu 30 zoterezi zimafafanizana, koma pa magemu asanu zimatha kupanga kochi wabwino kuoneka mbuli, kapena wosadziwa kanthu kuoneka katswiri.

N'chifukwa chakenso musamakhulupirire kwambiri zoti kochi watsopano aliyense amayamba ndi kupambana. Nthawi zambiri kochi amachotsedwa timu ikafika pansi penipeni, italuza magemu angapo motsatizana, ena mwa tsoka chabe. Wina aliyense amene angabwere pamenepo amaoneka ngati wakonza zinthu, chifukwa timu imangobwerera pa mlingo wake weniweni, komanso osewera amene anali pa benchi amalimbikira kuti aonedwe. Pakatha magemu asanu ndi atatu kapena khumi moto umenewo umazirala ndipo ntchito yeniyeni ya kochi ndi pamene imayamba kuoneka.

Mfundo imene yandigwira kwambiri m'kalata yanu ndi ya masabata awiri. Kukonzekeretsa timu bwinobwino sizoni isanayambe kumafuna masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Awiri oyamba amakhala omanga mphamvu ndi mpweya, awiri otsatira ophunzitsa kaimidwe ka timu ikakhala ndi mpira ndiponso ikautaya, ndipo awiri omaliza ndi a magemu opimana mphamvu ndi kukonza makona ndi mafirikiki. Kochi wanu anapatsidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi imeneyo. Ndiye kuti magemu asanu a ligi amene mwaonerawo ndi amene akugwiritsa ntchito podziwa osewera ake, chinthu chomwe anayenera kuchita m'magemu opimana mphamvu. Kulakwa kumeneko ndi kwa amene anachedwa kulemba kochi. Palinso choopsa china: kochi akafuna kubweza nthawi yotayika pothamangitsa anyamata kwambiri mkati mwa sizoni, minofu yakuseri kwa ntchafu ndi ya m'mphechepeche imayamba kukokeka. Mukaona osewera atatu kapena anayi avulala minofu popanda kugundidwa ndi mdani m'mwezi umodzi, dziwani kuti katundu wa zokonzekera wakwezedwa mofulumira kwambiri, ndipo limenelo ndi funso loyenera kumufunsa kochi ndi dokotala wa timu.

Chimene muyenera kuyembekezera pa nthawi ino ndi zizindikiro, ndipo zimaoneka pa bwalo mapointi asanayambe kubwera. Gemu ikubwerayi mukakhale pamalo okwera, chapakati pa bwalo, mutenge kope ndi cholembera, ndipo kwa mphindi khumi zoyamba musamatsatire mpira. Yang'anani timu yanu mpira ukakhala ndi adani. Kuchokera pa wotchinga kumbuyo womaliza kufika pa wosewera kutsogolo pazikhala mamita 30 kapena 35, kunena kwina gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo. Timu yophunzitsidwa imayenda pamodzi: akutsogolo akathamangira wogwira mpira, apakati amasendera ndipo akumbuyo nawo amakwera. Mukaona akutsogolo akuthamanga okha pamene akumbuyo atsalira pa mzere wa bokosi lawo, pakati pamatseguka dambo lalikulu, ndipo apakati awiri amafa ndi kuthamanga chigawo choyamba chisanathe. Timu imene ikuonetsa mpata womwewo pa gemu yachisanu ndi chitatu monga inachitira pa gemu yoyamba sikuphunzira.

Kenako onani makona. Apa ndi pamene dzanja la kochi limaonekera msanga kuposa pena paliponse, chifukwa kukonza makona sikufuna osewera odula kapena miyezi yambiri, kumafuna masana awiri kapena atatu pa sabata. Adani akamamenya kona, kodi aliyense akudziwa munthu wake kapena dera lake, kapena akukodolana ndi kulozerana mpira uli kale m'mwamba? Kodi pali wina woima kutsogolo kwa mtengo wapafupi, ndi wina kukamwa kwa bokosi wodikira mpira wobwerera? Inuyo mukamamenya, kodi pali kayendedwe kooneka kuti anakonza, wina kutchingira mnzake njira, wina kuthamangira mtengo wapafupi, kapena angokhamukira onse pakati? Timu imene ikumwetsedwabe zigoli za pa kona mofanana patatha miyezi iwiri ili ndi vuto la pa zokonzekera, ndipo limenelo ndi la kochi.

M'kope lanulo muzilembanso mipata yeniyeni, osati kuchuluka kwa mashoti. Shoti ya pa mamita 30 imasangalatsa anthu koma kawirikawiri sipindula, ndipo n'chifukwa chake chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022 timachikumbukirabe. Werengani mashoti omenyedwa mkati mwa bokosi, anu ndi a adani. Timu imene ikupeza asanu ndi limodzi n'kulola awiri, koma yagonja 1-0, ili pa njira yabwino ndipo zigoli zibwera. Timu imene yapambana 1-0 itapeza mpata umodzi pamene goloboyi wake wapulumutsa isanu ili pa ngozi ngakhale mwavina usiku wonse. Lembaninso mphindi imene mwamwetsedwa chigoli. Zikamachuluka kuyambira mphindi ya 75 kupita mtsogolo, vuto ndi mpweya kapena kuchedwa kusintha osewera. Zikamalowa m'mphindi khumi zoyamba za chigawo chachiwiri, ndiye kuti kochi wa adani akuwerenga gemu pa nthawi yopuma kuposa wanu. Mukachita izi kwa magemu asanu otsatira, mudzakhala ndi umboni umene palibe wa m'komiti yaikulu angaukane, kaya ukuikira kochi kumbuyo kapena ukumutsutsa.

Za kupatsirana mpira kuyambira kwa goloboyi, pano ndili mbali yanu pang'ono. Kaseweredwe kameneka si kolakwika, koma kali ndi zofunika zake: goloboyi wodziwa kugwiritsa ntchito miyendo yonse, otchinga apakati awiri otha kulandira mpira mdani ali pamsana, wapakati mmodzi wosaopa kubwera kudzautenga, ndi bwalo losalala. Pa Bingu National Stadium udzu ukakhala wosamalidwa, kapena pa kapeti, zimatheka. Pa mabwalo ambiri a m'maboma, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala nthaka itauma gwa, mpira umadumpha mosayembekezeka ndipo pasi yaifupi kutsogolo kwa golo lanu ndi mphatso kwa adani. Kochi wanzeru amasunga mfundo yake koma amaipatsa malire. Amauza goloboyi kuti adani akakwera atatu, mpira upite wautali kumbali kumene kuli wosewera wamtali, ndipo apakati asendere kukatola wogwa. Amasankha mabwalo oyambirapo kumbuyo ndi mabwalo osayesa n'komwe. Zigoli ziwiri zomwe mwamwetsedwa ndi mtengo umene timu iliyonse imalipira pophunzira, koma chachinayi ndi chachisanu cha mtundu womwewo, cholakwa munthu yemweyo pamalo omwewo, chidzakhala umboni wa kuuma mutu. Antonio Conte atagonja 3-0 kwa Arsenal mu Seputembala 2016 anasintha Chelsea kuti izisewera ndi otchinga atatu kumbuyo, inapambana magemu 13 a ligi motsatizana n'kutenga ligi sizoni yomweyo. Kutha kusintha koteroko ndi chinthu chimene muli ndi ufulu wochiyembekezera kwa kochi aliyense, watsopano kapena wakale.

Nkhani ya kaputeni imapweteka chifukwa munthuyo mwamuona akukhetsa thukuta chifukwa cha jezi yanu zaka zambiri. Koma kochi amamuona masiku asanu pa sabata, inu mumamuona mphindi 90. Wosewera wopitirira zaka 32 angakhale akadali ndi mutu wabwino koma miyendo itayamba kuchedwa, ndipo ngati kochi akufuna akumbuyo azikwera mpaka pakati pa bwalo, wochedwa mmodzi amawononga mzere wonse. Chofunika kuyang'ana ndi ichi: amene walowa m'malo mwake akuchita chiyani chomwe kaputeni sakanatha, ndipo kodi kaputeniyo anauzidwa chifukwa pamaso, mwaulemu? Wosewera wamkulu amene wauzidwa zoona n'kupatsidwa udindo wina, monga kulowa mphindi 20 zomaliza kudzakhazika gemu pansi, amathandiza timu. Amene wangotayidwa osauzidwa kanthu amasonkhanitsa anzake, ndipo timu imagawikana pawiri. Chenjeraninso ndi ichi: nthawi zina mawu oti "kochi achoke" amayambira kwa osewera amene ataya malo, n'kudzera mwa masapota owakonda. Musalole kuti komiti yanu igwiritsidwe ntchito pa nkhondo ya munthu mmodzi.

Pali zina zimene kochi alibe nazo mphamvu, ndipo mu mpira wathu ndi zimene zimagwetsa matimu kuposa kaseweredwe. Osewera amene sanalandire malipiro miyezi iwiri, kapena amene bonasi ya gemu yomwe anapambana sinafikebe, sangathamange mofanana ndi olipidwa, chifukwa maganizo ali pa lendi ndi ufa. Timu imene imanyamuka usiku kuti isalipire malo ogona, n'kufika m'mawa wa tsiku la gemu miyendo itatupa pa basi, yaluza kale theka la gemu. Palinso funso la amene anagula osewera. Ngati anyamata atsopano anabweretsedwa ndi akuluakulu kochi asanafike, iye akuphika ndi ndiwo zimene sanasankhe, ndipo ena mwa iwo mwina akukakamizidwa kuwaseweretsa. Womuthandizira naye ndi nkhani: kochi amene wapeza wachiwiri wake ali kale pamenepo, munthu amene ankafunanso mpando womwewo, amagwira ntchito akuyang'ana kumbuyo. Ngati kochi ndi wochokera kunja, wachiwiriyo ndiye pakamwa pake kwa anyamata amene chizungu chimawavuta, ndipo uthenga ukapotozedwa pamenepo palibe chimene chingayende. Zonsezi mufunse musanaloze chala pa benchi.

Muganizirenso mtengo wa kumuchotsa. Kochi wochotsedwa kontrakiti isanathe popanda chifukwa chomveka mwalamulo amayenera kulipidwa, ndipo nthawi zambiri ndi ndalama za miyezi yotsalayo. Kuyambira 2021 FIFA ili ndi malamulo oteteza makochi, moti wochokera kunja akhoza kukasuma kumeneko, ndipo timu yolephera kulipira imatha kuletsedwa kulembetsa osewera atsopano. Wa konkuno ali ndi makhoti a za ntchito. Ndalama zimene zikanagula womwetsa zigoli pa msika wa pakati pa sizoni zimathera kulipira munthu amene ali kunyumba, kwinaku mukulipiranso wolowa m'malo mwake, yemwe nayenso adzafuna masabata ake ophunzira timu. Makochi okhala ndi mapepala a ukochi a bungwe la mpira mu Africa la CAF, amene bungwe la mpira m'dziko muno la FAM limafuna, si ochuluka, ndipo abwino amakhala ali kale pa ntchito pakati pa sizoni.

Izi sizikutanthauza kuti kudikira kumapindula nthawi zonse. Okonda kudekha amatchula Alex Ferguson, amene anafika ku Manchester United mu Novembala 1986 n'kudzatenga chikho choyamba mu 1990 ndi ligi mu 1993, koma makochi ambiri amene anapatsidwa nthawi sanasanduke Ferguson. Crystal Palace inachotsa Frank de Boer mu 2017 atagonja magemu anayi a ligi popanda kumwetsa chigoli ngakhale chimodzi, pomwe iye ankafuna kuseweretsa mpira umene osewera ake sanaumbidwire, ndipo Roy Hodgson atalowa timuyo inathera pa nambala 11. Nthawi zina kulemba munthu kumakhala kolakwika kuyambira pachiyambi. Chosiyanitsa ndi chakuti kwa de Boer akuluakulu a timu sanaone chizindikiro chowakhutiritsa cha kusintha, pamene inu simunandiuze ngati zizindikirozo zilipo kapena ayi, chifukwa mpaka pano mwakhala mukuwerenga mapointi okha.

Malire amene ndingakupatseni ndi awa. Pofika gemu ya 10 muyenera kutha kutchula osewera asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi oyamba gemu musanaone pepala, chifukwa kochi amene akusinthabe anthu asanu sabata iliyonse sanapeze timu yake. Muyenera kutha kufotokozera mnzanu m'mawu ochepa mmene timu ikufunira kusewera. Zigoli zolowa kwa inu zikhale zikuchepa, ndipo magemu asanu achiwiriwo abweretse mapointi 8 kapena kuposa. Chiweruzo chenicheni chikhale pa gemu ya 15, chigawo choyamba cha ligi chikatha, mutakumana ndi timu iliyonse kamodzi. Pamenepo ndi pamenenso msika wa osewera umakhala pafupi, moti ngati pali kusintha, wolowayo apeza mpata wogula anthu ake. Mukafika gemu ya 15 muli pansi pa mapointi 18, zolakwa zili zomwezomwezo, osewera akuyenda timu ikamwetsedwa chigoli m'malo mothamangira kukayambitsanso gemu, ndipo kochi akungodzudzula oyimbira ndi anyamata ake pa wayilesi sabata iliyonse, mudzakhala ndi chifukwa chokwanira chopempha akuluakulu kuti achitepo kanthu. Pali zina zosafunika kudikira gemu ya 15: kochi womenya kapena kutukwana osewera, wofika ku zokonzekera ataledzera, wolandira ndalama kwa osewera kuti awaike mu timu, kapena wokhudzidwa ndi kugulitsa magemu. Zoterezi zikamveka ndi umboni, zipite kwa akuluakulu a timu tsiku lomwelo, ndipo za kugulitsa magemu zikafike ku Sulom, bungwe loyendetsa ligi, ndi ku FAM.

M'malo mwa ulendo wa Lachiwiri, komiti yanu ilembe kalata kwa mlembi wamkulu wa timu kupempha msonkhano wa anthu ochepa, atatu kapena anayi a mbali yanu, pamodzi ndi akuluakulu, ndipo kochi aitanidwe ngati iwo avomera. Mukafunse cholinga chimene anapatsidwa, ngati osewera alipidwa zonse, amene anasankha osewera atsopano, ndi ndondomeko ya msika ukubwerawo. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndipo mukazifotokozere anzanu m'madera. Gulu la anthu olusa likafika pa bwalo la zokonzekera, amene amayamba kuchita mantha ndi anyamata achichepere omwe mukufuna kuti Loweruka akalandire mpira molimba mtima kutsogolo kwa golo lawo. Tsiku limenelo la zokonzekera limatayika, ndipo zikafika pa kugenda kapena kutsekera anthu m'chipinda chosinthira zovala pa tsiku la gemu, timu imalipitsidwa chindapusa, imatha kulamulidwa kusewera popanda masapota, ndipo ogendawo amakathera m'manja mwa apolisi. Ngati mwamva kuti ena akukonza zomenya kochi kapena osewera, dziwitsani akuluakulu a timu ndi apolisi gemu isanafike. Kutero si kupereka anzanu, chifukwa mwala woponyedwa pagulu susankha mutu.

Pomaliza ndikhudze inu mwini, poti mwanena kuti mtima uli pawiri ndipo anthu a m'makomiti a masapota amasenza zambiri. Ngati timu ikagonja mukulephera kugona, mutu ukuwawa kapena mtima ukugunda mothamanga, kayezetseni BP kuchipatala, makamaka ngati zaka zapitirira 40. Ndipo ngati ena mwa amene akukuwa kwambiri ndi oti anabetcha ndalama pa timu n'kuluza, mkwiyo wawo ndi wa ndalamazo, ndipo amenewo musawatenge popita ku msonkhano ndi akuluakulu.